Njinga Yopanda Buleki

LOLEMBA

Yafika! Ili pabalaza, yatsamira khoma pansi pa chithunzi cha ukwati wathu. Ndikulemba ndikuiyang'ana.

Amake Tisa anandituma ku Northmead kukagula ayironi yositira, pashopu ija ya katundu wakale wochokera ku Japan. Ayironi ndinaiona ndithu. Koma kuseri kwa mafiriji, pakati pa sofa ndi makina ochapira, kunali iyi. Yabuluu, yowonda, yodzikuza. Wogulitsa akuti, "Iyo ba mudala siinasile, ilibe mabuleki. Tengani chabe, tizamvelana." Ati opanga sanaimalize! Sakudziwa chimene wagulitsa. Ine ndikudziwa. Chipumireni pantchito ndakhala ndikuonera mipikisano ya njinga pafoni mpaka maso kuwawa. Iyi si njinga ya pamsewu. Ndi ya mu velodulomu, bwalo lija la matabwa lozungulira, lopendekeka m'mbali ngati beseni, momwe anthu amathamanga atagona chammbali koma osagwa.

Zimene ili nazo:
— giya imodzi yokha, yomangidwa ku gudumu la kumbuyo. Gudumu likamazungulira, mapedulo nawo azungulira, ufune usafune. Ukapalasa chobwerera, njinga ibwerera m'mbuyo!
— matayala owonda ngati chala changa, omatidwa ndi guluu.
— mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa.
— mapedulo okhala ndi malamba omangira mapazi.
— chishalo chowonda, chokwera kuposa mahandulo.

Zimene ilibe: buleki, belu, kaliyala, madigadi, sitandi, nyali, ngakhale kabowo komangirapo botolo la madzi. Sikuti anaiwala ayi. Sanafune!

Ndikuinyamula ndi zala ziwiri.

Zaka zonse zija ndinali woyang'anira magalimoto pakampani, dalaivala sankatuluka pageti ndisanaponde buleki ndi phazi langa. Kunyumba nakonso ndagula zothandiza zokhazokha: malata, nsapato za sukulu, firiji, bokosi la maliro a apongozi. Lero, koyamba m'moyo wanga, ndagula chinthu chosanyamula kanthu, chosadikira munthu, chongokongola basi. Ndasangalala ngati mwana.

Madzulo. Amake Tisa abwera kuchokera kusukulu, choko chili m'manja. Akuyang'ana njinga, akuyang'ana ine.

"Ayironi ili kuti?"

Ndikufotokoza za velodulomu. Akumvetsera mpaka kumapeto, monga amamvetserera mwana wopanda homuweki. Chigamulo: "Pa Sande muikwere kuchoka pano pa Kabwata mpaka kutchalitchi ku Woodlands, mubwerenso muli ndi mano onse. Mukatero ikhala pabalaza, ndizipukuta ndekha. Mukalephera ipita kwa Lackson ku Chelstone. Yake inathyoka, mazira akunyamula pamutu."

Lackson ndi mlongo wawo. Amaweta nkhuku. Njinga iyi kunyamula mazira! Ndavomera mpikisano ndi mtima wonse.

Ndalembanso pagulu la pafoni la abambo a kumpingo kuti Lamulungu aona chinthu chimene sanaonepo. Mwina ndafulumira. Ayi, sindinafulumire.

LACHIWIRI

M'mawa, kumsika wa Soweto, pa salaula, pogulitsa zovala za kaunjika. Wothamanga amadziwika ndi zovala.

Zofunika: chovala chothina kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo, kuti mphepo isapeze pogwira, chipewa cholimba chosongoka kumbuyo, nsapato zouma kunsi.

Zimene ndapeza: chovala cha osambira, chakuda, chothinadi, chipewa cha okwera mahatchi, nsapato za mpira, zimene ndazula minga ndi pulayala.

Mayi wogulitsa akutambasula chovalacho n'kundiyeza ndi maso. "Ni ya mwana wanu olo ni yanu ba dadi? Ngati ni yanu, mimba muzaisiya kuti?" Ndalipira n'kuchoka. Munthu wamasewera sakangana pamsika.

Masana. Kuyesa koyamba, m'kati mwa mpanda. Ndagwira khoma, ndamanga mapazi m'malamba, ndawerama mpaka chibwano kufuna kugunda mahandulo. Ndikukankha.

Mayo ine! Iuluka! Palibe phokoso, palibe kulira kwa chitsulo. Ukangoganiza zopita, wapita kale. Geti latsala m'mbuyo, thanki ya madzi yadutsa, dimba likubwera.

Apa ndiye ndikuchita zimene munthu aliyense wokulira panjinga wamba amachita akaona dimba likubwera: ndikusiya kupalasa. Njinga siinamve zoti tasiya. Mapedulo akundikankha kunsi kwa mapazi, ndikunyamuka pachishalo, zala zikufufuza buleki pomwe palibe, kenako ndili m'repu wa amake Tisa, miyendo m'mwamba, njinga idakali yomangika kumapazi.

Ba Mulenga, neba wathu, asuzumira pamwamba pa mpanda. "Shani ba neba! Mwayamba kulima na mutu?"

Ndikuwafotokozera, ndili chigonere, kuti njinga iyi imaima ndi miyendo ya mwini wake. Umakaniza mapedulo pang'onopang'ono mpaka gudumu litamvera. Mu velodulomu buleki ndi ngozi, chifukwa ukaima mwadzidzidzi onse a m'mbuyo akugwera. Ba Mulenga akuti, "Manje kumbuyo kwanu kuli ndani?" Anthu ena kuwaphunzitsa n'kutaya nthawi.

Njinga ilibe bala. Ine chigongono chokha. Repu ndamudzutsa mmodzimmodzi n'kuthirira.

Amake Tisa pobwera angoima padimba. "Repu wanga wagoneranji dzuwa likadalipo?" Ndati ndi kutentha. Akuyang'ana chovala cha osambira chili pachingwe. Kayang'anidwe kawo ndimakadziwa.

Komabe ndinauluka. Kuchokera pageti mpaka padimba ndinauluka, ndipo palibe angandilande zimenezo.

LACHITATU

Dzuwa lisanatenthe ndili kale panjira, ndikukankha njinga kupita ku Woodlands. Nzeru yandifikira posamba: velodulomu mu Lusaka sindinaionepo, koma malaundabauti tili nawo. Chozungulira ndi chozungulira!

Vuto limodzi. Mu velodulomu amazungulira chakumanzere, dziko lonse lapansi. Malaundabauti athu amazungulira chakumanja. Wina analakwitsa, ndipo si ine. Msewu uli zii, ndiye ndikuyamba chakumanzere, monga mwa malamulo a masewera.

Theka la bwalo, minibasi iyo maso ndi maso! Hutala! Kondakitala watulutsa thupi lonse pawindo: "Iwe mudala, ufuna kufela pa boneti yathu?" Ndapatuka sindikudziwa bwanji. Chabwino. Lero tizungulira chakumanja, pofuna mtendere.

Ndipo apa, ndilembe bwino kuti ndisadzaiwale. Njinga yagona pang'ono chammbali. Miyendo ndi gudumu zasanduka chinthu chimodzi. Sindikudziwanso ngati ndine ndikupalasa kapena ndi iyo ikundipalasa. Mphepo ikulira m'makutu. Chipumireni pantchito aliyense amandiuza kuti khalani pansi, pumulani, mwagwira ntchito mokwanira. Pano palibe wondikhazika. Ndikuseka ndekha, mano pamtunda, mkulu wa mpingo wathunthu mu chovala cha osambira.

Kenako anthu a ntchito adzuka. Magalimoto akulowa mbali zonse. Ndikufuna kutuluka, potulukira pali galimoto. Ndizungulirenso. Pena pali lole. Ndizungulirenso. Ndikukaniza mapedulo monga ndinawafotokozera ba Mulenga, mapedulo akukana kukanizidwa.

Wogulitsa nyuzi pakona, ndikamadutsa: "Nyuzi ba boss!"
Ndikadutsanso: "Ba boss, mwasoba njila?"
Ndikadutsanso: "Town ni uku ba boss!"
Pambuyo pake wangokhala pansi n'kumaonerera. Amayi osesa msewu atsamira matsache, akuwomba m'manja ndikamafika. Mmodzi akuimba nthungululu.

Ndamaliza m'maluwa a pakati pa bwalo. Ndinasankha ndekha maluwawo, zimenezo zidziwike. Njinga ndinaikweza m'mwamba pogwa, siinakhudze pansi.

Masana. Ndaganiza mofatsa. Lamulungu kuli magalimoto, kuli ana a Sande sukulu pageti. Buleki imodzi yokha, yakutsogolo, yakanthawi. Si kugonja. Ndi kukonda ana.

Ba Sakala amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa Kabwata. Akuizungulira njinga yanga akupukusa mutu mwachisoni. "Aba ma Japan ni baulesi. Banaisiya pakati. Osadandaula ba boss, tizaisiliza." Ndikuwauza kuti njinga inatha kale, sikusowa kanthu. Akundimwetulira ngati ndine wodwala.

Foloko ilibe bowo lomangirapo buleki. Akuboola. Ndayang'ana kumbali, ndikumva ngati akuboola dzino langa. Kenako chogwirira buleki chimene ali nacho chikukana kukhala pa mahandulo opindika. Akuchotsa nyanga zanga zija, akuika mahandulo owongoka a njinga wamba.

Nyanga ndaziika m'katoni, pansi pa bedi. Lolemba zibwerera pamalo pake.

LACHINAYI

Buleki ikugwira. Sindikuikonda, koma ikugwira. Ndaima pageti mwaulemu, ba Mulenga akuona. Angolowa m'nyumba mwawo. Nsanje!

Lero ndikuyesa njira ya kutchalitchi. Chinthu chimene mafilimu a pafoni sanena: matabwa a velodulomu ndi osalala ngati tebulo. Msewu wathu uli ndi mchenga, miyala, zitsekerero za mabotolo, mahampu. Kamwala kalikonse ndikukamva m'mano. Matayala awa anawapangira dziko lina.

Ndisanafike ndi pakati pomwe, dzenje. Laling'ono, loti njinga ya makala siingalizindikire n'komwe. Phuu! Tayala lakutsogolo lagona.

Kubwerera kwa ba Sakala, njinga paphewa. Akufuna kutulutsa chubu kuti amate. Chubu sichikutuluka. Tayala lake ndi losokedwa mozungulira, chubu chili m'kati, lonse n'kumatidwa pa limu. Alisenda ndi sikuludalaiva, alinyamula m'mwamba kuti anzawo aone. "Iyi ni soseji ba boss, si tayala." Onse pansi pa mango akuseka. Ine ndikunyadira. Ndi angati mu Kabwata ali ndi tayala losokedwa ndi manja?

Ndayenda nalo tayalalo tauni yonse:
— Ku Kamwala akuti, "Ni ya pa wilicheya?"
— Mu Cairo Road akuti ndiyese kwa ogulitsa mapaipi a madzi.
— Ku Northmead, komwe ndinagula, akuti, "Tinakuuzani kuti siinasile."
— Ku Kabulonga, pashopu yonunkhira bwino ya njinga za anthu olemera, mwini wake walizindikira! Waligwira ndi manja awiri, mwaulemu. Ndatsala pang'ono kumukumbatira. Akuti angaitanitse kunja, lifika mwezi wamawa.

Mwezi wamawa njinga idzakhala ili ku Chelstone, ikununkha zitosi.

Choncho gudumu wamba kutsogolo, lakanthawi. Koma gudumu wamba silikulowa. Mpata wa pakati pa tayala ndi foloko ndi woti chikhadabo chokha n'chimene chingadutse, anachita dala kuti njinga ikhale yothina ndi yomvera. Ba Sakala akuti palibe vuto, ali ndi foloko ina. Akuchotsa yanga.

Ndiye kuti bowo la dzulo tinaboola pachabe.

M'katoni tsopano muli nyanga, foloko yobooka, ndi gudumu lovula. Njinga kutsogolo yanenepa, kumbuyo idakali yowonda. Ukaiyang'ana kuchokera kumbuyo, maso utatsinzina pang'ono, ndi yomwe ija.

Madzulo alamu anga a Lackson atulukira ndi thileyi ya mazira, akuti angodutsa kudzationa. Chikwatireni mlongo wawo sanabweretsepo ngakhale dzira losweka. Moni wapakamwa akupereka kwa ine, maso ali panjinga. Akuyeza kumbuyo kwa chishalo ndi chikhatho. "Mulamu, apa mathileyi yangankale bwino maningi."

Ndawaperekeza mpaka pageti tiyi asanathe. Mazira awo ndadya atatu. Wothamanga amafunika mphamvu.

LACHISANU

Mawondo akulankhula. Ndikuwauza akhale chete.

Njira ya kutchalitchi kachiwiri. Ndadutsa dzenje la dzulo ndi gudumu latsopano, osamva kanthu. Zandikwiyitsa kuti sindinamve kanthu.

Maloboti. Ofiira. Ndagwira buleki, njinga yaima bwinobwino pamzere. Ndikufuna kutsitsa phazi. Phazi lili m'lamba. Linalo lilinso m'lamba. Mu velodulomu pamakhala munthu wokugwirira chishalo poyamba mpikisano. Pa maloboti a Lusaka munthu ameneyo kulibe.

Ndikugwa pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati kabati. Ndatsamira chitseko cha galimoto yaikulu yoyera. Windo likutsika, mtsikana wa msinkhu wa Tisa wanga, magalasi akuda: "Ankolo, muli che bwino? Niitane munthu wa kunyumba?" Ndati ndikupumula. Wandikankha mofatsa ndi dzanja limodzi mpaka ndaongoka.

Obiriwira. Tsopano kunyamuka. Giya iyi anaipangira liwiro, dzino lakutsogolo lalikulu ngati mbale, lakumbuyo kakang'ono. Ikathamanga ndi mphezi, koma kuti iyambe uyenera kuimirira ndi thupi lonse. Ndikufinya, mitsempha ya m'khosi yatuluka, ndafika pakati pa mphambano maloboti afiiranso. Mahutala mbali zonse. Wina akukuwa kuti, "Ikani mu wani ba mudala!" Mu wani muti? Giya ndi imodzi, mbuli iwe!

Kutchalitchi sindinafike. Ndabwerera wapansi.

Kwa ba Sakala: mapedulo a malamba achoke, abwere a labala. Chishalo nachonso. Pa nkhani ya chishalo sindilemba zambiri, kungoti kuyambira Lachitatu ndikudya chakudya nditaimirira ndipo ndauza amake Tisa kuti ndi mwambo wa othamanga. Chatsopano ndi chotakata, cha masipuling'i, chimalira ukakhalapo.

Ba Sakala agwira gudumu la kumbuyo. "Na iyi tichose, tiike fuliwilo, muzipumulako pa down." Fuliwilo ndi kachipangizo kaja kamene kamalola munthu kusiya kupalasa njinga ikuyendabe. Apa ndiye ndaimirira. Ndawauza pamaso pa onse kuti angachotse chilichonse, koma gudumu limenelo ndi mtima wa njinga. Njinga imene umaikwera utapinda miyendo ndi mpando woyenda. Bola gudumu lija lilipo, njinga yanga ilipo. Ndalankhula bwino kwambiri, moti wogulitsa chinangwa chowotcha anati ameni.

Kunyumba amake Tisa akundipaka mankhwala m'mawondo. Dzanja lawo ndi lofatsa kuposa pakamwa pawo. "Atate ake Tisa, ingoisiyani. Sindifuna kuvala zakuda chifukwa cha njinga." Mtima wanga unafewa, ndisaname. Koma kenako awonjezera kuti, "Pa msinkhu wanuwu," ndiye mtima unabwerera pamalo pake.

Pafoni, a Tembo, wapampando wa abambo, alemba kuti onse adzaima pageti Lamulungu kudzalandira katswiri wathu. Ena atumiza tizithunzi ta manja owomba. Ndayankha kuti asadzaime pafupi kwambiri ndi msewu.

LOWERUKA

Kuyeserera komaliza. Kutchalitchi sindingalowe ndi chovala cha osambira, ndiye lero ndavala suti ya Lamulungu kuti thupi lizolowere. Jekete, tayi, chipewa cha mahatchi. Pagalasi ndikuoneka ngati munthu wofunika.

Zikuyenda! Dzenje ndadutsa. Maloboti ndaima, phazi pansi, ngati munthu wamba. Ndikuona kale denga la tchalitchi patali. Pali kamtsetse pang'ono, njinga yayamba kukumbukira kwawo, mapedulo akuthamanga, ine ndikuwatsatira mokondwa.

Kenako china chandigwira mwendo wamanja.

Tcheni chaluma buluku. Panjinga wamba ukasiya kupalasa, tcheni chimaima, n'kuchotsa nsalu yako mwamtendere. Panjinga yanga palibe chimaima. Gudumu likuzungulira, dzino likumeza, buluku likutsika. Pwee! Msoko watseguka kuyambira kukakolo mpaka kumene sindingalembe. Lamba wam'chiuno akundikokera pansi. Ndagwira buleki ndi mphamvu zonse, ndatsikira m'ngalande youma, ine ndi njinga titamangana ngati mbuzi ndi chikhomo.

Mayi wina wowotcha chimanga wabwera ndi mpeni. Akudula nsalu osandiyang'ana kumaso, Mulungu amudalitse. Kenako wamasula chitenje chapamwamba n'kundipatsa. "Vwalani atate, bana bapita pano." Ndabwerera ku Kabwata nditavala jekete, tayi, chipewa cha mahatchi ndi chitenje cha maluwa ofiira, ndikukankha njinga. Ndinayenda mutu uli m'mwamba. Ba Mulenga anali pageti pawo ndi Baibulo, akuchokera ku Sabata. Ngakhale iwo aona kuti pafika poti munthu asaseke.

Ndakhala pabedi nthawi yaitali. Ukanakhala mwendo m'malo mwa buluku? Mawa ndi mawa. Ndikapanda kufika, njinga ipita. Ndikafuna kufika, gudumu lichoke.

Ndapita nayo kwa ba Sakala. Ndangoloza gudumu la kumbuyo. Wogulitsa chinangwa wayang'ana pansi. Ba Sakala akuti ndiisiye, ndibwere dzuwa likapendeka. Gudumu langa ndalitenga ndekha, ndalikumbatira mpaka kunyumba. M'katoni silikukwana.

Chitenje ndachapa, ndabweza kwa mwini wake pamodzi ndi mazira otsala a Lackson.

Dzuwa lapendeka. Pansi pa mango njinga yanga sindikuiona. Pali ina yakuda, yaimirira yokha pa sitandi. Ba Sakala akupukuta manja, nkhope ikuwala.

"Ni iyi ba boss! Mwanipasa nchito wiki yonse, so naikilako mbasela."

Mbasela yake:
— kaliyala wachitsulo, wowotcherera ku felemu, woti n'kunyamula thumba la simenti.
— madigadi kutsogolo ndi kumbuyo.
— chotchinga tcheni, "kuti toloshi isadyewe futi."
— belu.
— sitandi.
— ndipo poti moto wowotcherera unapsereza utoto wabuluu, apaka yonse yakuda kuti ifanane.

"Manje yasila," akutero. "Manje ni njinga."

Ndinafuna kukuwa. Koma munthu wataya Loweruka lake, wagula utoto, wapita kukapempha moto kwa wowotcherera, zonse zaulere, chifukwa chondikonda. Mbasela sakana. Chibadwire sindinaonepo munthu akubweza mbasela. Ndagwira dzanja lawo ndi manja awiri, ndati zikomo kwambiri ba Sakala, mwagwira ntchito. Aliza belu kuti ndimve. Likulira bwino, tsoka lake.

Poikweza pakhonde ndachita kuitana amake Tisa kuti agwire kumbuyo.

LAMULUNGU

Ndavala suti yakale. Amake Tisa atsogola pa minibasi ndi amayi anzawo.

Ulendo wabwino. Ndilembe zoona: wabwino kwambiri. Maenje sindikuwamva. Pa maloboti ndikuima, ndikunyamuka. Pa kamtsetse kaja ndasiya kupalasa, miyendo yapuma, njinga ikupita yokha, kumbuyo kukumveka tiki-tiki-tiki. Thukuta palibe. Palibe wondikuwiza, palibe woliza hutala. Palibe ngakhale mmodzi wotembenuka kundiyang'ana.

Pageti la tchalitchi abambo aimadi, a Tembo patsogolo, mafoni okonzeka kujambula. Ndikufika, ndikuliza belu. Akupatuka pang'ono kuti ndidutse, maso ali kumsewu, akudikira katswiri. Ndaima pambali pawo. A Tembo atembenuka. "Aa, akulu, mwafika? Nanga ija ya mpikisano mwaisiya kuti?"

Ndayang'ana mahandulo, ndayang'ana belu. Ndati ili kunyumba, m'katoni. Sindinaname.

Mlonda wandilozera kuseri kwa holo, komwe amaimika njinga. Ndaiika pakati pa zinzake zakuda. Ulaliki sindinaumve. Potuluka ndayesa kiyi pa loko wa njinga ya munthu wina. Mayi wina wa chigwirizano wandipempha kuti, poti ndili ndi kaliyala, ndimuperekezereko thumba la ufa kunyumba ya abusa. Ndanyamula. Kaliyala sanagwedezeke n'komwe. Ba Sakala ndi mmisiri, zimenezo sindingawalande.

Ndafika kunyumba ndi mano onse. Amake Tisa ali pakhonde, atsegula chitseko mbali zonse ziwiri. "Mwapambana, atate ake Tisa. Ilowetseni pabalaza. Ndinalonjeza."

Ndaiyang'ana nthawi yaitali. Njinga yabwino, yolimba, yothandiza. Yofanana ndi zonse zimene ndagula moyo wanga wonse. Ndatulutsa foni, ndawaimbira alamu anga kuti abwere adzatenge. Afika msanga modabwitsa, ndi zingwe zamphira zomangira katundu zili kale m'thumba. Akuthokoza mpaka kugwada. Ndawauza kuti felemuyo inathamangapo pa matabwa kutsidya kwa nyanja, aziilemekeza. Akuti, "Sure mulamu," akuliza belu mpaka pakona.

Ndapambana mpikisano. Zilembedwe. Kuchokera pa Kabwata mpaka ku Woodlands ndi kubwerera, pa msinkhu wangawu.

Koma zikundiwawa, ndipo sindibisa.

Masana ano ndatulutsa gudumu la kumbuyo. Ndalipukuta, ndaika mipando iwiri ya patebulo moyandikana, ekiselo yakhala pamwamba, gudumu likulendewera pakati. Ndalikankha kamodzi ndi chala. Likuzungulira popanda phokoso ngakhale pang'ono, lowongoka, masipoko osaoneka, kadzino kaja kakung'anima.

Amake Tisa alowa ndi tiyi. Ndimayembekeza kuti afunsa za mipando yawo. Aika makapu pansi, akhala pambali panga.

"Liima liti?"

Ndati sindikudziwa.

Takhala choncho, tiyi akuzizira. Patapita nthawi gudumu layamba kufooka, masipoko ayamba kuoneka limodzilimodzi. Ndikutambasula dzanja kuti ndiligwire, ndikalibweze pansi pa bedi. Amake Tisa andichotsa dzanja, alikankhanso okha.